Phazi la a Sagynbek

Chaka chimene ndinamaliza sukulu ya udokotala ku Bishkek, likulu la dziko lathu, mtima wanga unali utakhazikika kale pa kukhala dokotala wa asilikali. Anzanga ankandiseka, ati Kubat akungofuna chipewa ndi nyenyezi za paphewa kuti atsikana azimucheukira. Zimenezo zinalipo pang'ono, sindikana. Koma chachikulu chinali chakuti ndinkafuna kuchita opaleshoni. M'zipatala za mumzinda dokotala watsopano amatha zaka akungopatsira akuluakulu lumo ndi thonje. Wa asilikali akamutumiza kumapiri a kumalire amakhala yekha, fupa likathyoka ndi lake, mimba ikatupa ndi yake. Asilikali ankaperekanso nyumba, ndipo ine ndinali nditatopa kugona m'kachipinda ka ophunzira konunkha sokosi ndi anyezi.

Ndinapereka mapepala anga chilimwe chikuyamba. Anandiuza kuti ndidikire, adzandiitana kukapimidwa thupi ndi kukayankha mafunso chisanu chisanagwe. Ndinakwera minibasi kupita kwathu ku Naryn kukauza makolo.

Mayi anga anasangalala. Bambo anga, a Esenkul, amene moyo wawo wonse anayendetsa lole, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa kuti mapepalawo awanyamula ndani. Ndinati ndawasiya mu ofesi yoyenera.

"Mapepala alibe miyendo, mwana wanga," anatero. "Popanda wowanyamula agona pomwepo mpaka mbewa ziwadye."

Wowanyamulayo anali atamupeza kale. Anali a Sagynbek, munthu wa fuko lathu, amene anakhala dokotala wamkulu wa asilikali mpaka anapuma. Bambo anati ambiri mwa amene amasankha madokotala atsopano anadutsa m'manja mwawo, ndipo akangoimba foni kamodzi nkhani yatha. Ndinayesa kukana, ndinati ndinakhoza bwino, sindikusowa wondipemphera. Bambo anaseka ngati ndanena nthabwala. M'mawa mwake tinamanga nkhosa yathu yonenepa kwambiri, tinaikweza m'galimoto ya malume, ulendo wa kumzinda.

A Sagynbek ankakhala okha kunja kwa Bishkek, m'nyumba ya mpanda wautali ndi mitengo ya maapozi. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Cholpon, anali pabanja mkati mwa mzinda. Mayi wina woyandikana nawo ndiye ankabwera kudzawaphikira. A Sagynbek anali munthu wamkulu thupi, wa khosi lochindikala, wa mawu omveka kumsewu. Sanadzuke potilonjera. Bambo anga, munthu amene kwathu ana amathawa akangotsokomola, anawerama mpaka ndinaona dazi lawo, nagwira dzanja la a Sagynbek ndi manja awiri, akuti achimwene, achimwene.

Nkhosa inaphedwa, inaphikidwa, tinakhala patebulo. Mutu unaperekedwa kwa mwini nyumba monga mwa mwambo, ndipo anadula khutu nandipatsa ine, akuti mnyamata azimva za akulu. Ndinalilandira. Koma kuyambira pamene tinakhala pansi panali fungo limene silinali la nkhosa. Linkachokera pansi pa tebulo, lolemera, lotsekemera moipa. Munthu amene anagwirapo ntchito m'wodi ya mabala saliiwala. Bambo ankangodya, akuyamikira msuzi. Ine nyama yanga ndinaisiya m'mbale.

Titamaliza kudya, a Sagynbek anapukuta mafuta m'ndevu, nati afuna aone ngati sukulu za masiku ano zimaphunzitsa kanthu. Anatulutsa phazi lamanzere pansi pa tebulo, nalisanjika pa mpando pafupi ndi mbale ya mafupa. Linali lokulungidwa ndi nsanza ya malaya akale. Nditamasula, ntchentche zimene zinali pa nyama zinasamukira pomwepo.

Chala chachikulu chinali chitada. Pansi pa phazi panali bala lakuya, m'mbali mwake motuwa, likutuluka mafinya osakanikirana ndi mafuta a mchira wa nkhosa amene ankapakapo. Ndinafunsa ngati ali ndi matenda a shuga. Anati madokotala anzawo amatero, koma iwo amadziwa thupi lawo. Ndinati phazi lotere ndi la kuchipatala.

"Kuchipatala kuti andione ana amene ndinkawatukwana dzulo?" anatero. "Iwe uzibwera m'mawa uliwonse kudzalitsuka. Ukalichiritsa, yunifolomu ndi yako. Ukalephera, ndiye kuti asilikali anga sukanawathandiza."

Bambo anayankha m'malo mwanga kuti ndi mwayi waukulu. Anandipezera malo kwa azakhali mumzinda, iwo nabwerera ku Naryn.

Choncho chilimwe chonsecho ndinali wotsuka phazi. M'mawa ndinkakwera basi ndi chikwama cha mabandeji ndi mankhwala, n'kugwada pakhonde pamaso pa a Sagynbek. Ndinkachotsa mnofu wakufa, kutsuka, kumanga. Sankamva kupweteka chifukwa mitsempha ya phazilo inali itafa kale. Ankamwa tiyi wa shuga wambiri ndi jamu ine ndikugwira ntchito, ndipo ndikawaletsa ankati mwana wa Esenkul wayamba kulamula akulu asanavale n'chipewa chomwe. Kawirikawiri ndinkapeza atamasula bandeji yanga, atapakanso mafuta a nkhosa aja. Tsiku lina lotentha ndinapeza mphutsi zikuyenda pakati pa zala.

Mphutsizo sizinandivute kwenikweni. Bala ndi bala, mphuno imazolowera, ndipo ndinaona zoposa pamenepo ndili pasukulu. Chimene sindinachizolowere ndi pakamwa pawo.

A Sagynbek ankakonda kukamba za masiku awo a ntchito, ndipo ine, wogwada pansi manja ali m'mafinya, ndinalibe kothawira. Ankati akundiphunzitsa. Phunziro loyamba linali lakuti msilikali aliyense wobwera kwa dokotala ndi wabodza mpaka atakomoka. Lachiwiri, dokotala wa asilikali wodwala wake weniweni ndi mmodzi, mkulu wa gulu. Iyeyo akagona tulo tabwino ndiye kuti gulu lonse lili bwino. Anandiuza za anyamata atsopano amene ankabwera nthiti zitathyoka atamenyedwa ndi anzawo akale, ndi mmene iwo ankalembera kuti agwa pa masitepe. Ankaseka, ati m'kampu ina anthu anagwa kwambiri pa masitepe pamene nyumba zonse zinali zapansi.

Ndinkadziuza kuti ndi nkhalamba yokokomeza, kuti zimenezo zinali kale, kuti ine ndikadzalowa ndidzachita mwina. Ndinkangoyankha kuti ee bwana, n'kupitiriza kutsuka.

Bambo anabweranso kumapeto kwa chilimwe ndi chigubu cha mkaka wa kavalo wosasa ndi botolo la kachasu wa m'sitolo. Anakhala pakhonde pomwepo ine ndikumanga bala, ndipo a Sagynbek ataona kuti omvera achuluka, anatulutsa nkhani imene ankaikonda koposa.

Inali ya mnyamata wina wa kumudzi, woweta nkhosa, amene anali atangolowa kumene usilikali. Anabwera kwa iwo akudandaula m'mimba, kumanja m'munsi. Iwo anali ndi alendo tsikulo. Anamuyang'ana ali chapatali, namuuza kuti mankhwala a ulesi ndi kuthamanga, ndipo analamula kuti azungulire bwalo atanyamula chikwama chake. Mnyamatayo anathamanga. Anabweranso mawa lake atapindika, akusanza, iwo anamubweza. Pamene anzake anadzamunyamula pa bulangete n'kuti kathumbo kamene kanatupa kumanjako kataphulikira m'mimba. Anafera panjira yopita kuchipatala chachikulu. A Sagynbek analemba kuti chinali chibayo choopsa chimene chinabwera mwadzidzidzi.

"Koma imvani pothera pake, Esenkul," anatero akugwira bambo pabondo. "Patapita nthawi mayi ake anabwera kukampu, ulendo wonse kuchokera kumapiri. Ine ndinati basi, lero ndaona zakuda. Nkhalambayo ikundigwira manja, ikuti zikomo adokotala, ndamva kuti munayesetsa. N'kutulutsa mtsuko wa batala wopanga yekha."

Bambo anafunsa kuti ndiye anatani.

"Ndikanatani? Ndinadya. Batala wabwino ngati ameneyo sindinamulawenso."

Anaseka mpaka phazi linagwedezeka m'manja mwanga. Ndipo bambo anga anaseka nawo. Sikunali kuseka kwa ulemu kokha, anaseka ndithu, akupukusa mutu, akuti achimwene inu ndinu munthu woopsa. Ndinamaliza kumanga, ndinapita kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa maapozi, ndinasanza tiyi wonse wa m'mawa. Nditabwerera a Sagynbek anati dokotala wamng'ono ali ndi mimba ya mtsikana, kafungo pang'ono kamugwetsa.

Tili pamalo odikirira basi ndinawafunsa bambo chimene chinawaseketsa. Ndinawakumbutsa kuti mnyamatayo anali woweta nkhosa ngati ana a malume, ndipo mayi akewo akanatha kukhala mayi anga. Bambo anayang'ana kumbali. Anati akufa anafa, ine ndiganize za moyo wanga. Anati munthu ukamawoloka mtsinje pa msana wa ngamila sudandaula kuti ikununkha. Kenaka anandipatsa ndalama ya basi ngati ndine mwana wa sukulu. Sindinakhale nawo mpando umodzi.

Ndinapitirizabe kupita. Yunifolomu ndinkaifunabe, ndipo phazilo tsopano linali wodwala wanga, mwini wake kaya akhale wotani. Koma linali kuipiraipira. Kuda kuja kunachoka pa chala kufika pakati pa phazi, mwendo unatupa n'kufiira mpaka m'katumba, ndipo ndikadina khungu ndinkamva kuthetheka pansi pake ngati munthu akuponda chipale chofewa cha m'nyengo yozizira. Masamba atayamba kugwa, a Sagynbek anayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera. M'mawa wina anandiitana ndi dzina la munthu wina.

Ndinawauza mosapita m'mbali kuti phazilo lafa, ndipo likapanda kudulidwa liwatenga. Ndinati zimenezi akuzidziwa okha, pakuti ndi dokotala. Anandiyang'ana ndi maso ofiira.

"Ukangouza munthu, usilikali uuiwale," anatero. "Ndakuuza ndili ndi nzeru zanga zonse. Manga bala lako uzipita."

Ndinamanga. Ndinatuluka pageti, ndinaima pamsewu kanthawi ndithu. Sindinawamvere chisoni, ndisaname. Mumtima munabwera ganizo lakuti ndingowasiya, azithamanga ndi ululu wawo monga anathamangitsira mwana wa eni uja. Koma ndinaona kuti ndikawasiya ndiye kuti ndayamba kale kugwira ntchito monga ankandiphunzitsira, ndisanalembedwe n'komwe. Ndinapita kwa mayi wophika uja, ndinapempha nambala ya Cholpon.

Cholpon sankadziwa kanthu. Bambo ake ankamulandira atafunda bulangete kumiyendo, mazenera ali otsegula, ndipo za fungo ankanamizira ngalande ya anansi. Anafika ndi mwamuna wake ndi ambulansi. Atavundukula bulangete anatseka pakamwa ndi mpango. Panafunika amuna anayi kuwanyamula a Sagynbek. Anatukwana onse, koma zonona anandisungira ine. Ananditchula njoka, mwana wa woyendetsa lole, wodya nkhosa ya bambo ake pachabe. Anthu a mumsewu anatuluka kudzaonerera.

Anawadula mwendo pansi pa bondo tsiku lomwelo. Dokotala amene anachita opaleshoniyo anandiuza kuti tikanachedwa pang'ono akanakhala maliro. Atatsitsimuka, chinthu choyamba chimene a Sagynbek anapempha chinali foni.

Kalata yondiitana inafika masabata angapo pambuyo pake. Tinasonkhana madokotala achinyamata ambiri m'chinyumba chozizira cha makoma obiriwira, ndipo anatiuza kuti tivule zonse. Tinaima pamzere opanda kanthu, mapazi pa simenti, aliyense ataphimba kutsogolo ndi mapepala ake. Msilikali wolondera ankatiseka, akuti ndiye madokotala ake amenewa, miyendo ngati ya adokowe. Tinkalowa chipinda ndi chipinda: wa maso, wa makutu, wa mano, wina wotiweramitsa n'kutiyang'ana kumbuyo osasintha n'magolovesi omwe. Amene anali patsogolo panga anali mnyamata wonenepa amene ndinaphunzira naye, wodziwika ndi mphumu. Mpweya wake unkalira ngati mluzu. Wopima chifuwa anangomufunsa ngati amalume ake ali bwino, namusainira.

Ine zonse zinayenda bwino mpaka chipinda chomaliza, cha mafupa. Munali dokotala wa imvi, wa magalasi. Anawerenga dzina langa, nandifunsa ngati ndine mwana wa Esenkul wa ku Naryn. Nditavomera, anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anandiuza kuti ndiponde m'beseni la madzi kenaka ndiponde pansi. Ndinaponda. Mapazi anga anasiya zidindo zabwinobwino, zopindika mkati monga mwa munthu aliyense. Ine ndinakulira m'mapiri ndikuthamangitsa mahatchi. Iye anayang'ana zidindozo, nati mapazi anga ndi athyathyathya, sindingathe kuguba.

Ndinamuuza kuti nanenso ndine dokotala, ndipo tonse awiri tikuona chimene chili pasimentipo.

"Ziuma posachedwa," anatero, osakweza mawu. "Vala uzipita, mwanawe. Uli ndi manja abwino, ndamva. Koma kuno timafuna munthu womva akauzidwa."

Kumafunso sindinafike n'komwe. Ndinavala m'khonde pakati pa anzanga amene ankapewa kundiyang'ana. Ndinayembekeza kuti ndimva chisoni kapena ukali, koma chimene ndinamva chinali kufuna kusamba. Ndinapita ku bafa ya anthu onse pafupi ndi msika, ndinakhala m'nthunzi mpaka khungu la zala linakwinyika.

Bambo atamva anabwera tsiku lotsatira. Sanafunse za mapazi anga. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa fuko lonse, nkhosa yapita, ndipo munthu wamkulu ngati uja ndamusandutsa wopunduka. Ndinati ndamusiya wamoyo. Anati zimenezo ndi za Mulungu, zanga zinali kumvera. Kenaka anati sizinathe, a Sagynbek mtima wawo ndi wabwino ukaupeza, tipite tikapepese kuti chaka chamawa ndidzayesenso.

Ndinawaperekeza mpaka kuchipatala chifukwa sankadziwa njira. Ndinakana kulowa, ndinaima pakhomo la wodi. A Sagynbek anali m'chipinda chawochawo, atatsamira mapilo, ataonda koma mawu ali omwe aja. Panali alendo awiri ovala yunifolomu, ndipo ankawafotokozera mmene anadziwira okha kuti mwendo wafika podula, ndi mmene analamulira madokotala poyenera kucheka. Bambo analowa chipewa chili m'manja. Anaika mphatso zawo patebulo, nayamba kupepesa, akuti mwana ndi mwana, sukulu inamuwononga mutu, achimwene mukhululuke. A Sagynbek sanawayang'ane. Anangoloza pansi pa bedi, nati poti mwabwera, Esenkul, tatayani icho. Chinali chibekete cha mkodzo. Anamwino analipo, akungodutsa m'khonde. Bambo anawerama, anachinyamula ndi manja awiri, natuluka nacho akumwetulira alendo aja.

Anandipeza pakhomo. Tinayang'anana, chibekete chili pakati pathu. Ndinafuna kuwalanda kuti ndikataye ine, koma anachikokera kwa iwo, nandifunsa motsitsa mawu kumene kuli chimbudzi. Ndinawalozera. Ndinatsika masitepe, ndinakawadikira panja.

M'basi anandiuza kuti zayenda bwino, a Sagynbek afewa, ulendo wina ndidzalowe ndekha ndidzagwade. Ndinawauza kuti sindidzapitakonso, ndipo usilikali ndausiya. Anati ndikulankhula ndi mkwiyo. Ndinati ayi, mkwiyo ndilibe, koma ndikaganiza zovala malaya amene anthu aja amavala thupi langa limanyerenyetsa. Sanandilankhulenso nyengo yonse yozizira.

Cholpon anandiimbira foni kamodzi kundithokoza. Anati anayesa kuwauza bambo ake kuti akonze zimene anawononga pa nkhani ya usilikali wanga, koma iwo anamuponyera kapu. Anafuna kunditumizira kanthu, ndinakana.

Chipale chofewa chitatseka misewu ndinapeza ntchito pa chipatala chaching'ono cha boma kumapiri, kutali ndi kwathu pang'ono. Dokotala wa opaleshoni kumeneko anali mayi wachikulire wotopa, amene anandilandira ngati mvula. Mwezi usanathe anali atandisiyira mpeni. Nyumba sanandipatse, ndimachita lendi kachipinda kwa mphunzitsi wina, ndipo malipiro ndi ochititsa manyazi.

Chilimwe chotsatira bambo anamva pa wailesi kuti asilikali akufunanso madokotala. Anauza mayi kuti andiuze. Mayi anandiimbira, ananena uthengawo mwachangu ngati akutaya khala lamoto, kenaka anayamba kundifunsa ngati ndikudya mokwanira ndiponso ngati denga lodontha la kwa aphunzitsi analikonza.